Kujambula Mwezi ndi Nyenyezi

Dera la Kasiya, m'boma la Lilongwe, limadziŵika ndi ulimi wa chimanga, fodya ndi mtedza. Koma derali lili ndi chuma chinanso chimene sichipita ku msika ndipo sichiikidwa m'nkhokwe. Chumacho ndi thambo lake la usiku. Dziko la kumeneko ndi lachidikha, lopanda mapiri aatali otchinga maso. Munthu akangotalikirako pang'ono ndi magetsi a pa masitolo a pa Kasiya, pa Nsaru kapena pa Kabudula, amaona thambo lakuda bii, nyenyezi zili mbuu ngati ufa wotayikira pa nsalu yakuda. Mbali imodzi yokha, ya ku mzinda wa Lilongwe, ndiyo imaoneka yoyererako kaamba ka magetsi a mumzindamo. Anthu okhala m'mizinda ikuluikulu ya maiko ena amayenda maulendo aatali, nataya ndalama zambiri, kuti akangoona thambo lotere.

Pa dziko lonse lapansi pali anthu amene amakonda kuphunzira zakumwamba ngakhale kuti salandirapo malipiro. Masana ndi aphunzitsi, makalaliki, alimi kapena ana a sukulu. Kukada amatulutsa zipangizo zawo zoonera patali, nakhala panja mpaka pakati pa usiku. Ambiri mwa iwo sakhutira ndi kuona kokha. Amatenga pensulo ndi pepala, najambula chimene diso lawo laona. Kodi n'chifukwa ninji amadzivutitsa chotere, m'chisanu ndi mumdima, pamene makamera alipo ngakhale m'mafoni a m'manja? Kuti tiyankhe funsoli, tiyambe tadziŵa zipangizo zawozo.

Chipangizo choyamba ndi telesikopu. Chimaoneka ngati paipi yaikulu, mkati mwake muli magalasi osulidwa mwaluso, ndipo munthu amasuzumiramo ndi diso limodzi. Chachiŵiri ndi mabainokyula, amene ali ngati timatelesikopu tiŵiri tolumikizana, kena ka diso lamanja, kena ka diso lamanzere. Mwina mudaŵaonapo ali pakhosi pa alonda a nyama za m'nkhalango ya Kasungu. Ambiri amaganiza kuti ntchito ya zipangizozi ndi kukulitsa zinthu basi, koma ntchito yake yaikulu ndi kusonkhanitsa kuŵala. Mvula ikamagwa, mukatchera kapu mupeza madzi pang'ono, mukatchera beseni mupeza ambiri. Kamwana ka diso kali ngati kapu ija, pakuti ngakhale mumdima kamatseguka mamilimita 7 okha kapena kupereŵerapo. Pa mabainokyula ambiri pamalembedwa manambala akuti 7 x 50. Nambala yoyambayo ikutanthauza kuti chinthu chimaoneka chachikulu kuŵirikiza ka 7, ndipo yachiŵiriyo ikutanthauza kuti galasi lakutsogolo ndi lalikulu mamilimita 50. Galasi lotere limasonkhanitsa kuŵala kochuluka pafupifupi ka 50 kuposa diso. N'chifukwa chake pamalo pamene maso amaona nyenyezi zisanu, mabainokyula amaonetsa makumimakumi.

Telesikopu idapangidwa koyamba ku Holland m'chaka cha 1608. Nthaŵi imeneyo kwathu kuno kunkalamulira mafumu a Kalonga, m'dera la Mankhamba, kufupi ndi nyanja. Chaka chotsatira, mphunzitsi wina wa masamu wa mumzinda wa Padua ku Italy, dzina lake Galileo Galilei, adadzipangira telesikopu yake, nailozetsa ku mwezi. Anthu ophunzira a masiku amenewo ankaphunzitsa kuti mwezi ndi wosalala ngati dzira. Galileo adaonako mapiri, zigwa ndi maenje. Kamera kudalibe. Akadangonena pakamwa, ndani akadamkhulupirira? Tsono adajambula zimene adaonazo, ndipo zithunzi zake zidasindikizidwa m'buku m'mwezi wa Malichi 1610.

M'buku lomwelo muli tizithunzi tina tosakongola m'pang'ono pomwe, koma tofunika koposa. Usiku wa pa 7 Januwale 1610 Galileo adayang'ana Jupiter. Jupiter ndi pulaneti, ndiye kuti dziko lozungulira dzuŵa monga lathuli, ngakhale kuti ndi maso amaoneka ngati nyenyezi yoŵala kwambiri yosaphethira. Pafupi ndi Jupiter adaona tinyenyezi titatu tili mumzere, tiŵiri chakum'maŵa, kamodzi chakumadzulo. Adajambula kabwalo kamodzi ndi timadontho titatu. Usiku wotsatira adayang'ananso, napeza kuti tonse titatu tili chakumadzulo. Adajambulanso. Pa 13 Januwale adaona tinayi. Atayala mapepala ake n'kumafanizira, adazindikira kuti sitidali nyenyezi ayi, koma miyezi inayi yozungulira Jupiter monga mwezi wathu uzungulira dziko lathu. Ambiri nthaŵi imeneyo ankakhulupirira kuti zonse zakumwamba zimazungulira dziko lapansi. Timadontho tija tidaonetsa kuti si choncho.

Taonani kuti chithunzi cha usiku umodzi sichikadamuuza kanthu. Chidamtsegula maso ndi kuika cha dzulo pambali pa cha lero. Mtima umaiŵala ndipo umasintha zinthu mwakachetechete, koma pepala limasunga monga momwe mudalembera. Miyezi inayi ija ikadalipo, ndipo munthu wa ku Nambuma kapena ku Namitete angathe kuiona ndi mabainokyula wamba, malinga aŵatsamiritse pa mpanda kapena pa ngolo kuti asagwedezeke. Mwezi woyandikira kwambiri Jupiter, wotchedwa Io, umamzungulira m'masiku osakwana aŵiri, pamene wakutali, wotchedwa Callisto, umatenga masiku pafupifupi 17.

Chifukwa china chojambulira n'chakuti kujambula kumaphunzitsa diso kuona. Tayesani kujambula mbuzi ya kwanu osaiyang'ana. Mumaiona tsiku ndi tsiku, komabe mudzazindikira kuti simudziŵa kuti mwendo woyera ndi uti, kapena kuti banga lakuda limathera pati. Pensulo imafunsa mafunso amene diso laulesi silifunsa. Zakumwamba zilinso chimodzimodzi. Munthu wosuzumira mu telesikopu kamphindi kochepa amati, "Ndaona," nachoka. Wojambula amakhala pomwepo theka la ola, ndipo pang'onopang'ono zinthu zimene poyamba sizimaoneka zimayamba kutulukira. Mpweya umene uli pakati pa ife ndi nyenyezi sukhazikika. Umanjenjemera monga umachitira pamwamba pa msewu m'mwezi wa Okutobala. Nthaŵi ndi nthaŵi umadekha kwa sekondi imodzi kapena aŵiri, ndipo chinthu chimaoneka bwinobwino. Amene amapindula ndi kudekhako ndi wodikira yekhayo.

Nanga kamera? Zoonadi, matelesikopu aakulu monga Hubble, amene adatumizidwa mumlengalenga m'chaka cha 1990, amatipatsa zithunzi za mitundu yokongola zimene pensulo singazifike. Koma makina ameneŵa amasonkhanitsa kuŵala kwa maola ambiri, pamene diso silitero. Mwana amene waona zithunzi zoterezi m'buku, akasuzumira mu telesikopu yaing'ono amagwa mphwayi, chifukwa amangoona kautsi kotuwa. Chithunzi cha pensulo chimamuuza zoona zake za chimene diso la munthu lingathe kuona. Ndipo amene adayesapo kutola mwezi ndi foni wamba akudziŵa kuti pamatuluka kadontho koyera kopanda maonekedwe, konga babu la tochi.

Thambo la kumwera, limene ife timaliona, lili ndi zinthu zambiri zimene sizioneka ku Ulaya. N'chifukwa chake m'mwezi wa Januwale 1834 Mngelezi wina dzina lake John Herschel adafika pa sitima ku Cape Town, ku South Africa, atatenga banja lake ndi telesikopu yaitali mamita 6. Ulendowu adalipira ndi ndalama za m'thumba mwake. Adakhala kumeneko zaka zinayi, m'munsi mwa phiri la Table Mountain. Adalemba magulu a nyenyezi ndi mitambo yoŵala ya mumlengalenga yoposa 1,700, najambula yambiri mwa iyo. Chithunzi chimodzi chinkamtengera mausiku ambiri, chifukwa ankayamba wayeza malo a nyenyezi iliyonse asanadetse pepala. Ntchito yakeyo idatuluka m'buku m'chaka cha 1847. Kufikira lero akatswiri amatsegula bukulo pofuna kudziŵa ngati mitambo ina yasintha maonekedwe pa zaka zonsezi. Amalikhulupirira popeza mwini wake adali wosamala.

Si onse adali osamala chotere. M'chaka cha 1894 munthu wina wolemera wa ku America, Percival Lowell, adamanga nyumba yoonera nyenyezi ku Flagstaff, m'chigawo cha Arizona, kuti aziyang'ana pulaneti lofiira lotchedwa Mars. Adali ataŵerenga kuti katswiri wina wa ku Italy, Giovanni Schiaparelli, adaona timizere pa Mars m'chaka cha 1877. Lowell adayamba kujambula mizere yoongoka yambirimbiri, yolukana ngati ukonde. Adalemba mabuku onena kuti mizereyo ndi ngalande zothirira minda, zokumbidwa ndi zolengedwa zanzeru zokhala ku Mars. Anthu ochuluka adamkhulupirira. Koma ena a maso akuthwa, okhala ndi matelesikopu aakulu, ankayang'ana Mars yemweyo osaona ngalande ndi imodzi yomwe.

Amene adathandiza kumasula nkhaniyi adali ana a sukulu a msinkhu woposa wanu pang'ono. M'chaka cha 1903 katswiri wina, Walter Maunder, pamodzi ndi mphunzitsi wa pa sukulu ina ya anyamata ku Greenwich, mumzinda wa London, adapachika kutsogolo kwa kalasi chithunzi chozungulira chokhala ndi maŵanga ndi timadontho tobalalika, chopanda mizere yoongoka. Adauza anyamatawo kuti ajambule chimene akuona. Okhala kutsogolo adajambula timadontho. Koma ambiri mwa okhala chapatali adajambula mizere yoongoka, yofanana ndi ngalande za Lowell. Sadaname dala ayi. Diso likamaona timadontho tosaoneka bwino, ubongo umatilumikiza n'kupanga mzere. M'chaka cha 1965 chombo chotchedwa Mariner 4 chidadutsa pafupi ndi Mars n'kutumiza zithunzi. Padali maenje ndi chipululu, ngalande padalibe. Lowell sadali wabodza, koma adalakalaka kwambiri kuona ngalande mpaka dzanja lake lidajambula za mumtima. Lamulo loyamba la wojambula zakumwamba lidachokera pa nkhani zonga imeneyi: jambulani chimene mwaona, osati chimene mudaŵerenga m'buku kapena chimene mnzanu akuti waona. Ngati mukukayika, lembani pambali kuti, "Apa ndikukayika."

Tsono inu mungayambe bwanji? Simufunika kudikira telesikopu. Maso, pensulo, chofufutira, kope ndi kathabwa kotsamiritsapo pepala ndi zokwanira. Pitani pa bwalo la sukulu kapena kuseri kwa nyumba, kutali ndi moto, pamodzi ndi munthu wamkulu. Musapite nokha kuthengo kapena kudambo, kumene kuli njoka, afisi ndi udzudzu. Tengani mphasa ndi chofunda, pakuti m'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu cha ku chidikha cha Lilongwe sichiseka ndi munthu. Mukafika, khalani mumdima mphindi 20 kapena 30 kuti maso azoloŵere. Mukayatsa tochi yoyera kapena kuyang'ana foni, maso amabwerera pakale ndipo mudzayambiranso kudikira. Ojambula amakuta tochi yawo ndi kansalu kofiira, chifukwa kuŵala kofiira kochepa sikusokoneza maso kwambiri.

Masana jambuliranitu mabwalo pa pepala pozunguliza pensulo m'mphepete mwa kapu. Bwalo lililonse likuimira chimene chimaoneka mu mabainokyula kapena mu telesikopu. Pojambula, yambani ndi nyenyezi zitatu kapena zinayi zoŵala koposa, ndipo musamale kwambiri malo ake, chifukwa zili ngati nsanamira za nyumba. Zikapotoka, zonse zipotoka. Kenaka ikani zing'onozing'ono pozifanizira ndi zoyambazo. Nyenyezi yoŵala ikhale dontho lalikulu, yozilala ikhale kadontho kakang'ono. Musaijambulire nyanga zisanu monga muchitira m'kope la zojambula, chifukwa nyenyezi ilibe nyanga. Mudzaona kuti chithunzi chanu n'chotembenuka: thambo ndi loyera, nyenyezi ndi zakuda. Palibe cholakwa, ojambula ambiri amachita chomwecho. Chinthu chooneka ngati utsi muchijambule popaka pensulo pang'ono n'kufafaniza ndi chala. Ngati chili chozilala kwambiri, musachiyang'ane mwachindunji. Yang'anani chapambali pang'ono, pakuti m'mbali mwa diso ndimo mumamva kuŵala kochepa koposa pakati pake.

Musanatseke kope, lembani tsiku, mwezi, chaka, nthaŵi, dzina la mudzi, chipangizo chimene mwagwiritsa ntchito, ndiponso ngati kudali mitambo, utsi kapena mwezi. Musonyezenso mbali ya kumadzulo, kumene zonse zakumwamba zimaloŵera. Chithunzi chopanda tsiku, ngakhale chikongole bwanji, chili ngati kalata yopanda keyala.

Poyambira pabwino ndi mwezi. Uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, ndipo umatenga masiku 29 ndi theka kuchokera pokhala kufikira pokhalanso. Makolo athu ankauyang'anitsitsa. Ku chigawo cha kumwera kudali nthano yakuti mwezi ndi mwamuna wamitala. Mkazi wake wa kumadzulo, Puikani, ndiye nyenyezi yoŵala ya madzulo, ndipo amamdyetsa bwino mpaka anenepe. Mkazi wa kum'maŵa, Chekechani, ndiye nthanda ya m'bandakucha, ndipo amammana chakudya mpaka aonde. Lero tikudziŵa kuti akazi aŵiriŵa ndi chinthu chimodzi, pulaneti lotchedwa Venus, limene miyezi ina limaoneka madzulo, miyezi ina m'maŵa. Komabe nthanoyi idapangidwa ndi anthu openya. Mwezi woyamba kukula umaonekadi kumadzulo dzuŵa litangoloŵa, ndipo woonda wotsiriza umaoneka kum'maŵa kusanache. Mukaujambula tsiku lililonse nthaŵi yofanana kwa milungu iŵiri, mudzadzitsimikizira nokha.

Mudzaonanso kanthu kena. M'mabuku ochokera ku Ulaya mwezi watsopano kaŵirikaŵiri umajambulidwa choimirira, ngati chisenga chopachika. Kwathu kuno nthaŵi zambiri umaoneka chogona, nyanga zake zitaloza kumwamba ngati bwato. Izi zili choncho chifukwa tili kufupi ndi pakati pa dziko lapansi. Mwana wokopera m'buku adzajambula mwezi wa ku London. Mwana woyang'ana kumwamba adzajambula mwezi wa ku Mpingu.

Ambiri amaganiza kuti nthaŵi yabwino yoyang'ana mwezi ndi pamene uli wathunthu, ana akuseŵera pabwalo. Kwa wojambula imeneyo ndiyo nthaŵi yosapindulitsa. Mwezi ukakhala wathunthu, dzuŵa limauomba mwachindunji ndipo zithunzithunzi zimasoŵa, monga mizere ya m'munda sioneka bwino dzuŵa lili paliwombo. Madzulo, dzuŵa litapendeka, mzere uliwonse umaonekera. Choncho yang'anani mwezi uli theka, makamaka pamalire pa mbali yoŵala ndi yamdima. Pamenepo mabainokyula amaonetsa maenje ozungulira, ena okhala ndi kaphiri pakati. Maenjeŵa adakumbika ndi miyala ikuluikulu yogwa kuchokera mumlengalenga kalekale. Dzenje lotchedwa Copernicus ndi lalikulu makilomita 93, ndipo lotchedwa Tycho makilomita 85. Maŵanga akuda aja, amene ena amati ndi kalulu, ena amati ndi mayi wosenza nkhuni, ndi zidikha za mwala wakuda umene udatuluka pansi uli wosungunuka n'kuuma. Musayese kujambula mwezi wonse. Sankhani dzenje limodzi, ndipo mufulumire, chifukwa pakatha ola limodzi kapena aŵiri zithunzithunzi zake zimakhala zitasuntha.

Nyengo iliyonse ili ndi zake. Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti thambo limakhala loyera koposa. Madzulo a Meyi ndi Juni, chakumwera, mudzaona nyenyezi zinayi zopanga mtanda, zotchedwa Mtanda wa Kumwera. Pambali pake pali banga lakuda ngati thumba la makala. Si dzenje ayi, ndi mtambo wa fumbi umene ukutchinga nyenyezi za kuseri kwake. Mu Julayi ndi Ogasiti Mlalang'amba umadutsa pamwamba pa mutu ngati mtsinje wa utsi, ndipo mabainokyula amaonetsa kuti utsiwo ndi nyenyezi zosaŵerengeka. Mu Sepitembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimadetsa thambo. Tikamatentha tchire pofuna mbeŵa timadziphimbanso maso.

M'dzinja mitambo imavuta, koma usiku umene mvula yakata thambo limakhala lotsukika bwino. Imeneyi ndi nyengo ya Nsangwe ndi Akamwiniatsatana. Nsangwe ndi kagulu ka nyenyezi zothithikana, zimene munthu wa maso abwino amaŵerengapo zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziŵiri. Galileo atazijambula adaonjezapo zina 36. Kuŵala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, komabe kochokera ku Nsangwe kumatenga zaka zoposa 400 kuti kutifike. Ndiye kuti kumene kukuloŵa m'diso lanu usiku uno kudanyamuka m'masiku a mafumu a Kalonga aja. Akamwiniatsatana ndi nyenyezi zitatu zoyenda mumzere. Chakumwera kwake pang'ono pali timadontho tina titatu tozilala, ndipo kapakati ndi mtambo woŵala mmene nyenyezi zatsopano zikubadwira. Maina aŵa ndi athu, ndipo m'midzi yambiri akuiŵalika. Funsani agogo anu maina a nyenyezi zimene akuzidziŵa, ndipo muŵalembe pansi pa zithunzi zanu monga momwe iwo aŵatchulira.

Si chilichonse choŵala kumwamba chili nyenyezi. Kuŵala kothwanima kofiira ndi koyera ndi ndege, mwina yopita ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Kadontho koyenda mwakachetechete osathwanima, dzuŵa litangoloŵa, ndi setilaiti yopangidwa ndi anthu. Chimene timati nyenyezi yathothoka ndi kamwala, kaŵirikaŵiri kosaposa njere ya mapira, kamene kakupsa poloŵa mumpweya wa dziko lathu.

Kodi munthu wosalipidwa angatulukire chinthu chatsopano? Ku Pretoria, ku South Africa, kudali munthu wina wogwira ntchito m'boma dzina lake Jack Bennett. Akaŵeruka ankatulutsa telesikopu yaing'ono kuseri kwa nyumba yake, nafunafuna nyenyezi za mchira. Nyenyezi ya mchira ikakhala kutali imaoneka ngati kautsi, ndipo kumwamba kuli tinthu tambiri tooneka chimodzimodzi. Bennett adalemba mndandanda wa tinthu tonse totere kuti tisamamnyenge, mpaka adalidziŵa thambo la kumwera monga mbusa adziŵa ng'ombe za m'khola lake. Mbusa wotere saŵerenga kaŵiri kuti azindikire ng'ombe yachilendo. M'chaka cha 1968 Bennett adaona kadontho kachilendo m'kamtambo kena kamene ankakadziŵa bwino, ndipo kadontho kameneko kadali nyenyezi yophulika. Pa 28 Disembala 1969 adapeza nyenyezi ya mchira. M'miyezi ya Malichi ndi Epulo 1970 idaŵala kwambiri kotero kuti anthu a m'maiko ambiri adaiona ndi maso m'bandakucha, ndipo mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake.

Pali chinthu chimodzi chimene simuyenera kuchiyang'ana, kaya ndi maso, kaya ndi mabainokyula, kaya ndi telesikopu. Chinthucho ndi dzuŵa. Galasi limene limasonkhanitsa kuŵala kwa nyenyezi limasonkhanitsanso kutentha kwa dzuŵa, ndipo lingatenthe m'kati mwa diso m'kanthaŵi kochepa, munthu osamva kuŵaŵa. Diso lotere silichira. Magalasi akuda a dzuŵa, galasi lodetsedwa ndi mwaye, kapena madzi a m'beseni sizitchinjiriza. Pa 21 Juni 2001 kudachitika kadamsana. Ku Lusaka, m'dziko la Zambia, kudada masana kwa mphindi zoposa zitatu, ndipo kwathu kuno mwezi udaphimba mbali yaikulu ya dzuŵa. Kadamsana wotere akadzachitikanso, boolani kabowo kakang'ono pa katoni, fulatirani dzuŵa, ndipo kuŵala kodutsa pa kabowoko kugwere pa pepala loyera. Jambulani chimene chili pa pepalapo. Kadamsana wa mwezi, monga uja wa pa 27 Julayi 2018 pamene mwezi udafiira ngati njerwa, alibe choopsa chilichonse, ndipo mungamuyang'ane mpaka atatha.

Nyenyezi ya mchira yotchuka koposa ndi ya Halley, imene imabwera pakatha zaka pafupifupi 76. John Herschel adaijambula ali ku Cape Town. Idaonekanso m'chaka cha 1910, kenaka m'chaka cha 1986, pamene anthu a kumwera kwa dziko lapansi, monga ife, adaiona bwino kuposa a ku Ulaya, ngakhale kuti idali yozilala. M'midzi ya kwa Kabudula ndi madera ena mwina alipo achikulire amene adadzuka usiku chaka chimenecho kukaiona. Mukaŵapeza, apempheni akujambulireni pansi ndi kamtengo mmene idaonekera ndi mbali imene mchira wake udaloza, ndipo inu mukopere m'kope lanu, mulembe ndi tsiku limene akuuzani. Nyenyeziyi idzabweranso m'chaka cha 2061, inu muli abambo ndi amayi a zaka zoposa 40.